Mbewa sizidula nzimbe

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji abale nonse. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu amene munapita patali ndi sukulu. Tsiku la msika lapitali kunabwera bambo wina, n'kuyala tebulo pansi pa mtengo wa nimu. Patebulopo panali kabokosi kokhala ngati wailesi ka nthambo ziwiri, timasingano toonda ngati ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, ndi zinthu zina zokulunga ngati ndudu yaikulu ya chingambwe. Akuti ndi chithandizo cha ku China, chinayesedwa pa nyama ndipo madokotala akunja anavomereza. Mawondo a amayi anga mukuwadziwa, chino ndi chaka chachinayi. Ndinawatengera kumeneko. Anawabaya tiwiri kunsi kwa bondo, n'kuyatsa chindudu chija n'kumachiyendetsa pafupi ndi khungu koma osakhudza. Zoona zake, madzulo amenewo amayi anayenda okha mpaka ku mjigo, ndodo ataisiya pakhonde. Koma kutacha, dzuwa lisanafike pamutu, ululu uja unali utabwerera pamalo pake ngati mwini nyumba. Bamboyo akuti pakufunika maulendo khumi, ndipo ulendo uliwonse ndi mtengo wa tambala wamkulu. Ndigulitse mbuzi, kapena ndikuberedwa dzuwa likuswa mtengo?

Kabaza wa pa Dyeratu: Chinayesedwa pa nyama? Nyama yake iti, yamoyo kapena ya pachiwaya?

Malume a ku Makhanga: Iwe Kabaza, mnzako akufunsa za mayi ake. Mayi a Tadala, ine ndikuona kuti anthu a ku China angotenga mphini zathu n'kuziveka jekete. Agogo anga ankatema mphini pabondo, n'kupaka mankhwala akuda aja, mawa lake n'kuthowa ndi masamba a nsatsi owamba pamoto. Munthu ankadzuka n'kupita kudimba. Nthawi imeneyo ankati ndi zachikunja. Lero zabwera m'kabokosi, mwati sayansi.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Moni amayi, moni malume. Nkhani imeneyi tinaidutsa m'kalasi chaka chatha pophunzira za ululu, ndiye ndinene zimene ndikudziwa. Bamboyo pa mawu oti "chinayesedwa pa nyama" sananame. Kubaya masingano kumeneku dzina lake ndi acupuncture, ndipo ku China akhala akuchita kwa zaka zoposa 2,000. Chindudu chija amachitcha moxa, ndi masamba ouma a chomera cha mtundu wa Artemisia, chibale wa chomera chimene kunachokera mankhwala a malungo aja a LA. Malo amene anabaya agogowo, kunsi kwa bondo chakunja pang'ono, ayenera kuti ndi amene amawatcha Zusanli. Ndi malo omwewo amene ofufuza amakonda kubaya pa mbewa ndi makoswe.
Koma funso n'lakuti, poyesa pa nyamapo anapeza chiyani? Chifukwa zimene anapezazo n'zochepa kusiyana ndi zimene amalalikira pamsika.

Aphunzitsi a Sayansi: Ndisanamve zimene anapeza, ndiuze kaye izi Fatsani. Mbewa amaifunsa bwanji kuti ululu wachepa? Munthu amati "ndapezako bwino." Mbewa imati chiyani?

Kabaza wa pa Dyeratu: Imati "tswii," kenaka mchere ndi tsabola.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Aphunzitsi, funso lanulo ndi limene linandivuta nanenso. Saifunsa, amaiwerengera nthawi. Njira yakale kwambiri, ya mu 1941, amawalitsa kuwala kotentha pamchira wa khoswe n'kuwerenga masekondi mpaka atauthawitsa. Ina inabwera mu 1988, imatchedwa ndi dzina la mwini wake, Hargreaves: nyama imaima pagalasi, kunsi kwake kuli kanyali kolozetsa kuphazi limodzi, ikamva kutentha imanyamula phazi ndipo wotchi imaima yokha. Kanyaliko kamazima kokha pakapita masekondi ochepa kuti nyama isapse. Palinso timaubweya ta pulasitiki tolimba mosiyanasiyana, amakankha nato kuphazi kuona kuti ndi kati kamene kaichititse kudzidzimuka.
Ndiye amayamba atupitsa dala phazi limodzi ndi mankhwala. Phazi lotupa limathawa msanga, monga mmene chala cha katungwi sichifuna n'komwe kukhudzidwa ndi nsalu. Akabaya singano, amayesanso. Ngati phazi lija layamba kupirira nthawi yotalikirapo, amati ululu wachepa.
Mu 2010 a ku yunivesite ya McGill ku Canada anaonetsanso kuti nkhope ya mbewa imasintha ikamamva kuwawa: maso amatsinzinira, masaya amafufuma, makutu amagonera kumbuyo, ndevu zimasintha kaimidwe.

Alangizi a Ziweto: Zankhopezo n'zoona ngakhale pa ng'ombe. Woweta weniweni akalowa m'khola m'mawa amadziwa yodwala isanagone n'komwe. Makutu ndi maso zimanena.

Mayi a Tadala: Chabwino mwana wanga, tamva za mbewa. Tsono singanoyo imachita chiyani m'thupimo? Ilibe mankhwala, ndinaiyang'anitsitsa, ilibe ngakhale kaboo ngati ya jakisoni.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Mankhwala ali kale m'thupi, amayi. Singano imangogogoda pakhomo. Ndifotokoze motsata mmene anazitulukira.
Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, gulu la Han Jisheng ku Beijing linachita chinthu chodabwitsa. Anatenga kalulu, n'kumuchita chithandizochi mpaka anayamba kupirira kutentha. Kenaka anapopa madzi aja amene amakhala mu ubongo wa kaluluyo, n'kuwathira mu ubongo wa kalulu wina amene sanakhudzidwe n'komwe. Kalulu wachiwiriyo nayenso anayamba kupirira. Ndiye kuti m'madzimo munali kanthu kena koziziritsa ululu kamene thupi linapanga lokha. Dzina lake anali asanalidziwe.
Mu 1975, ku Aberdeen ku Scotland, John Hughes ndi Hans Kosterlitz anapeza kuti ubongo umapanga tinthu togwira ntchito ngati morphine, uja amapatsa odwala khansa. Masiku ano timangoti ma endorphin. Chaka chotsatira, 1976, Bruce Pomeranz ku Toronto anayesa pa mbewa. Pali mankhwala otchedwa naloxone, amene ntchito yake ndi kutseka pamene morphine amalowera. Mbewa zobayidwa masingano a magetsi zinkapirira kutentha. Atazipatsa naloxone, kupirira kuja kunatha. Apa ndi pamene anthu ambiri okayika anayamba kumvetsera, chifukwa mbewa siidziwa China, siinalipire tambala, ndipo palibe amene anailalikira.

Aphunzitsi a Sayansi: Hmm. Pamenepo wandigwira pang'ono. Nanga kabokosi ka nthambo kaja?

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Ndi magetsi ochepa odutsa m'masingano, m'malo mopotokola ndi dzanja. A Han omwewo anapeza kuti magetsi akamagunda pang'onopang'ono, kawiri pa sekondi, thupi limatulutsa mtundu wina wa tinthu tija, akamagunda ka 100 pa sekondi limatulutsa mtundu winanso wotchedwa dynorphin. Ofufuza amakonda magetsi chifukwa amayezeka, pamene dzanja la munthu lero lapotokola kwambiri, mawa pang'ono.

Bambo a Chikondi (Nchalo): Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Ndawerenga zonse. Ine msana ndi umene wanditha. Chikwanje kuyambira m'bandakucha, kuwerama, kudula, kuponya, mpaka mzere uthe. Madzulo mkazi wanga amaika njerwa pambaula, n'kuikulunga m'chitenje chakale, ndimagonera. Imathandiza ndithu, ndimapeza tulo. Ndiye ndifunse, njerwa yangayi ndi chindudu cha bambo wa pamsikayo, kusiyana kwake n'chiyani kupatula mtengo?

Kabaza wa pa Dyeratu: Achimwene, musaulule. Mawa tipeza njerwa ili pa tebulo, maulendo khumi.

Anesi Opuma: Ndakhala chete kuti mwanayu amalize, koma pa njerwa ndilowererapo. Kuthowa kumathandiza, sitikana, ngakhale kuchipatala tinkauza anthu a msana ndi azimayi opweteka m'mimba pa nthawi ya kumwezi kuti aike botolo la madzi ofunda. Kufundako kumatsegula mitsempha ya magazi, mnofu wokungika uja umamasuka. Fatsani anene zakezo za m'mabuku, ine ndibweranso ndi chenjezo, chifukwa zimene ndinaona ndi maso angawa si zochepa.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Zikomo anesi. Bambo a Chikondi, kutentha kuli pawiri ndipo kumagwira ntchito mosiyana.
Koyamba ndi kufunda kokoma kuja kwa njerwa yokulunga bwino. Kuwonjezera pa zimene anena anesi, pali chimene Ronald Melzack ndi Patrick Wall analemba mu 1965. Uthenga wa ululu ukamachoka pamsana kapena pabondo kupita ku ubongo umadutsa kaye pa mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana, ndipo pamenepo pali ngati chipata. Mauthenga ena osapweteka, monga kusisita, akachuluka, chipatacho chimapanikiza uthenga wa ululu. Taganizani pa Thabwa magalimoto akachulukana, sadutsa onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake mwana akagunda mutu pachitseko timathamangira kumusisita, osaphunzitsidwa ndi aliyense.
Kwachiwiri ndi kutentha koluma, kumene khungu limayamba kunena kuti chotsa. Pakhungu pali tizitseko totchedwa TRPV1, timene David Julius ndi anzake anatulukira mu 1997. Timatseguka kutentha kukafika cha pa madigiri 43, komanso timatseguka ndi tsabola. N'chifukwa chake kambuzi timati "akuwotcha" chikhalirecho ndi wozizira. Julius analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2021. Chindudu chija chikayandikira kwambiri chimafika pamenepa.

Kabaza wa pa Dyeratu: Madigiri 43? Ndiye kuti ife a ku Chigwa mwezi wa October tizitseko timeneti timangokhala pululu tsiku lonse. Tikulandira chithandizo cha ku China chaulere pamsewu wa Bangula.

Mayi a Tadala: Kabaza usandiseketse, ndili ndi mwana kumsana.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Kutentha kolumako kumathetsa ululu mwa njira ina, imene ndikuganiza kuti malume aikonda. Mu 1979 Daniel Le Bars ndi anzake ku Paris ankamvetsera mitsempha ya mu msana wa khoswe wogonekedwa ndi mankhwala. Anapeza kuti mtsempha ukamatumiza uthenga wa ululu wochokera kuphazi, ndiye wina n'kutsina mphuno kapena kuviika mchira m'madzi otentha, mtsempha uja umatonthola. Ululu watsopano, kulikonse m'thupi, umachititsa ubongo kutumiza lamulo lotsika kukatseka ululu wakale. Pambuyo pake gulu lomwelo linaitana katswiri wa masingano kuti abaye khoswe pa Zusanli, n'kubayanso pamalo ena wamba amene mulibe m'mabuku a acupuncture, n'kuyerekeza ndi kuviika phazi m'madzi otentha. Zonse zitatu zinatontholetsa mitsempha ya ululu mofanana.

Malume a ku Makhanga: Ehee! Ndimanena ine. Ululu umachotsa ululu unzake. Ndiye mphini ija ya agogo anga ili ndi mlandu wanji? Mwanawe wangotsimikiza ndi Chizungu zimene ife tinkadziwa ndi lumo.

Alangizi a Ziweto: Malume, ndikuthandizeni kaye kenaka ndikutsutseni. Ife a ziweto timadziwa kuti ng'ombe yolusa ukaigwira zolimba pakati pa mphuno imafatsa. A mahatchi ali ndi kachingwe kamene amapotokola pamlomo wam'mwamba, hatchi n'kuima duu, maso ngati ikusinza. Kale ankati imangoopa. Mu 1984 ofufuza a ku Netherlands anapeza kuti ma endorphin amakwera m'magazi a hatchiyo, ndipo ataipatsa naloxone uja watchula Fatsani, kufatsa kuja kunatha. Ndiye njirayo ilipodi m'thupi la nyama.
Koma tamverani. Ndikagwira mphuno ya nkhunzi kuti mnzanga athire mankhwala pachilonda, ndikaisiya chilonda chilipobe. Ndaipusitsa kwa mphindi zochepa basi. Ndipo ng'ombe ya pangolo imene yayamba kutsimphina, ukaikwapula imathamanga ndithu ngati yachira. Mwini wake n'kumati inali ulesi. Sabata yamawa yagona.

Anesi Opuma: Alangizi mwandilandira mawu. Malume, mlandu wa mphini ndi lumo limodzi pa anthu asanu. HIV imadutsa pamenepo, matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsa mosavuta kuposanso HIV. Kafumbata amalowera pamenepo, makamaka mankhwala opakawo akasakanizika ndi dothi kapena phulusa. Ndinalandirapo mwana wotemedwa pachifuwa monse chifukwa ankabanika, pamene vuto linali chibayo, ndipo masiku awiri amene anataya kunyumba aja ndi amene anatisowetsa mtendere usiku wonse. Masingano a pamsikawonso funso langa ndi lomwelo. Mayi a Tadala, anawatsegula m'pepala lomata inu mukuona, kapena anawatola m'kambale?

Mayi a Tadala: Anesi, anali m'kabotolo ka madzi oyera, akuti ndi spirit. Atamaliza anabwezeramo.

Anesi Opuma: Mayo ine. Singano yotere imayenera kugwira munthu mmodzi n'kutayidwa. Musabwerereko, ngakhale atati ulendo wachiwiri ndi waulere. Ndipo pitani nawo amayi kuchipatala mukafotokoze zimenezi momwe mwanenera pano, osachita manyazi, iwo adziwa zoyeza ndi nthawi yoyezera. Wina akafuna kubaya pachifuwa kapena kumtunda kwa msana, dziwani kuti mapapo ali pafupi kwambiri, singano yoonda yomweyo imatha kuboola.

Malume a ku Makhanga: Za lumo limodzi ndavomera, masiku ano aliyense amabwera ndi lezala lake. Koma musatinyoze ngati makolo athu anali opusa.

Aphunzitsi a Sayansi: Palibe wanena kuti anali opusa, malume. Anaona chinthu choona, kuti ukapweteka khungu ululu wam'kati umayamba wabisala. Chimene analibe ndi wotchi ndi gulu lachiwiri loyerekezera. Ine tsono ndibwerere kwa Fatsani, chifukwa sindinakhutire. Mbewa yagwidwa ndi chimunthu chachikulu, yamangidwa, yabayidwa. Imeneyo si mantha chabe? Munthu wothamangitsidwa ndi njati ya ku Lengwe samva minga, amadzaizula atafika kunyumba.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Aphunzitsi, mwafika pamene ofufuza eni ake amakanganirana. Mantha paokha amatulutsa ma endorphin omwewo, ndipo naloxone amathanso kuchotsa kupirira kwina kobwera ndi mantha. Ndiye kafukufuku amene anamanga nyama n'kuipatsa magetsi amphamvu, osakhala ndi gulu lina lomangidwa chimodzimodzi koma losabayidwa, ndi wokayikitsa. Mu 2014 a ku McGill aja anapeza zoseketsa: mbewa zimaonetsa ululu wochepa ngati m'chipindamo muli mwamuna, kusiyana ndi mukakhala mkazi. Ngakhale malaya okha amene mwamuna anagona nawo, kungowaika pafupi, zinkachitika. Fungo la mwamuna limaziopsa.

Mayi a Tadala: Zimenezo sitinafunikire a ku Canada kuti atiuze.

Kabaza wa pa Dyeratu: Adimini, tikunyozedwa kuno.

Adimini: Pitirizani, koma za fungo zithere pomwepo.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Pali kafukufuku mmodzi amene amayankhako funso la aphunzitsi, ndipo ndi amene ine ndimamukhulupirira kwambiri. Mu 2010, gulu la Maiken Nedergaard ku Rochester ku America linabaya mbewa za phazi lotupa pa Zusanli kwa mphindi 30, n'kumapotokola singano mphindi zisanu zilizonse. Anayeza madzi a mumnofu pafupi ndi singanoyo, n'kupeza kuti kanthu kotchedwa adenosine kachuluka ka 24 kuposa poyamba. Adenosine amatuluka mnofu ukavulala pang'ono, ndipo akakhala pa mitsempha ya ululu amaigoneka. Tsono tamvani izi. Atabaya mwendo winawo, wosatupa, phazi lotupa silinapepukidwe. Atalowetsa singano osaipotokola, sizinathandize. Ndipo mbewa zobadwa zopanda polandirira adenosine, zimene amapanga dala, zinabayidwa chimodzimodzi koma ululu sunasinthe. Akanakhala mantha okha, zonsezi zikanapepukidwa mofanana, chifukwa zonse zinagwidwa ndi chimunthu chomwecho.

Aphunzitsi a Sayansi: Ameneyo ndiye kafukufuku. Anatseka mabowo onse amene ndikanalowera. Nanga kupepukidwako kunatenga nthawi yaitali bwanji?

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Atawonjezera mankhwala ena ochedwetsa kutha kwa adenosine, amene kwenikweni ndi a khansa ya m'magazi, anafika cha pa maola atatu.

Mayi a Tadala: Ola limodzi! Ndiye amayi anga anachita mwayi kufika mpaka m'mawa.

Bambo a Chikondi (Nchalo): Ndiye vuto ndi limenelo. Mbewa yanuyo ikapepukidwa ola limodzi imabwerera m'kabokosi kake kukadya zaulere. Mbewa sizidula nzimbe. Ine ola likatha chikwanje chikundidikira.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Bambo, mawu amenewo ndikawauza aphunzitsi athu. Ndi zoona, ndipo pali zinanso. Phazi la mbewa latupitsidwa masiku ochepa apitawo, pamene bondo la agogo lakhala likuperepeseka zaka. Komanso singano imene kwa ife ndi kaubweya, pa kamwendo ka mbewa ili ngati munthu kumulasa ndi mkondo. N'chifukwa chake pomaliza amayenera kuyesa pa anthu. Ku Germany anayesa anthu 1,162 a msana wosatha, zotsatira zinatuluka mu 2007. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa obayidwa motsata mabuku a ku China, pafupifupi 48 pa 100 alionse anapezako bwino. Mwa obayidwa mwachiphamaso, pamwamba chabe ndiponso pamalo olakwika dala, 44. Mwa olandira chithandizo cha masiku onse, mankhwala ndi mafizo, 27.

Aphunzitsi a Sayansi: Ndiye kuti kubaya kunathandiza, koma mapu aja a malo obaya sanawonjezere kanthu kooneka. Zikugwirizana ndi makoswe a ku Paris aja.

Malume a ku Makhanga: Kapena kuti munthu akagwidwa ndi manja, n'kufunsidwa bwinobwino, n'kugonekedwa mphindi makumi atatu wina akumusamala, amapepukidwa. Kuchipatala umayamba kufotokoza, iwo alemba kale panado.

Anesi Opuma: Pamenepo malume sindikutsutsani. Mzere wa anthu mazana, wowaona mmodzi. Tinkafuna kumvetsera, nthawi inkatikana.
Ndibwere ndi chenjezo langa lija. Bambo a Chikondi, njerwa ikulungidwe mokwanira moti mkono wanu ukhoza kupirira osachotsa, ndipo mphindi 15 kapena 20 zakwana. Musagone nayo tulo. Kutentha kumene kukuoneka kochepa kumawotcha ndithu kukakhala pakhungu maola ambiri, munthu n'kudzuka ndi thuza. Anthu a shuga ndi amene anadwalapo khate asayerekeze kuika chotentha kumapazi, chifukwa mapazi awo samva, amapsa akuseka. Ndinasamalirapo bambo wina wa shuga amene anaotha mapazi pambaula mwezi wa June, chilonda chake chinatenga miyezi. Pamene pangobinya kumene, kapena potupa pofiira potentha kale, kapena chithupsa, musathowe ndi zotentha. Ndipo wolumidwa ndi njoka asatemedwe, asawotchedwe, athamangitsidwe kuchipatala.

Bambo a Chikondi (Nchalo): Ndamva anesi. Kugona nayo ndiye ndimagona nayo, ndisanama. Masiku ena ndimamwanso indosidi awiri m'mawa ndisanapite, anzanga onse amatero.

Anesi Opuma: Apo ndiye pandiopsa kuposa njerwa. Indosidi, bulufeni, diclofenac, onsewo ndi gulu limodzi. Kumwa m'mimba muli zii, kenaka tsiku lonse thukuta padzuwa la kuno madzi osakwanira, impso zimavutika, ndiponso zilonda za m'mimba zimayambira pamenepo. Ku Nicaragua ndi El Salvador odula nzimbe ambiri apezeka ndi matenda a impso, ndipo ofufuza akuloza kwambiri kutentha ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Ululu wanuwo uli pakati pa msana kapena m'mbali, kunsi kwa nthiti? Mkodzo ukutuluka wotani? Musayankhe pagulu, ndiimbireni. Kuno kulinso likodzo, tisamangoti chikwanje chilichonse.

Bambo a Chikondi (Nchalo): Ndikuimbirani ndikaweruka mawa.

Kabaza wa pa Dyeratu: Ine funso langa ndi la mbewazo. Akamaliza kuzibaya amapita nazo kuti? Ndikufunsira mnzanga.

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Achimwene, zimenezo sizidyedwa, zadzaza mankhwala. Ndi mbewa zoweta, zobadwira m'nyumba zofufuziramo, sizinaonepo munda. Zambiri zimaphedwa kafukufuku akatha kuti aone za m'kati. Pali malamulo ake, ochokera pa mfundo zimene Russell ndi Burch analemba mu 1959: ngati pali njira ina osagwiritsa nyama, tsata imeneyo, ngati palibe, gwiritsa zochepa, ndipo chepetsa kuvutika kwake. Komabe kunena zoona, kuti uphunzire ululu uyenera kuupanga, ndipo tsiku limene tinaonetsedwa kanema wa kambewa kakunyambita phazi lotupa, m'kalasi munali zii.

Alangizi a Ziweto: Koma ife timathena ng'ombe popanda chilichonse choziziritsa, anyamata anayi ataikhalira. Za ululu wa nyama tili nazo ngongole tonse, osati a ma yunivesite okha.

Malume a ku Makhanga: Mwanawe Fatsani, funso lomaliza. Bamboyo akuti amachizanso shuga ndi BP. Pa mbewa zakozo anapezapo zimenezo?

Fatsani (kusukulu, Blantyre): Zimene ndafotokozazi ndi za ululu, malume. Palinso za kutupa: mu 2021 gulu la Qiufu Ma ku Harvard linaonetsa pa mbewa mitsempha yeniyeni imene magetsi ochepa a pa Zusanli amadzutsa, uthenga n'kukafika ku tizigawo ta pamwamba pa impso, n'kuchepetsa kutupa kwa thupi lonse. Pamimba mitsempha imeneyo ndi yochepa, ndipo magetsi ochepa omwewo sanachite kanthu, ndiye nthawi zina malo amakhala ndi ntchito ndithu. Koma zimenezo ndi mbewa za m'chipinda chofufuzira. Munthu wa shuga kapena BP akasiya mankhwala ake chifukwa cha tebulo la pansi pa nimu, tidzamunyamula.

Mayi a Tadala: Abale, ndangochoka kuwaona amayi ndi tochi. Pamene ankayendetsa chindudu paja pali kathuza kakang'ono ngati njere ya nandolo, iwo akuti sanamve kuti akupsa ndipo sakumva kuwawa. Anesi, zimenezi zikutanthauza chiyani? Shuga sanayezetsepo chibadwire.

Anesi Opuma: Musakaboole, musapakepo mankhwala otsukira mano kapena dzira. Tsukani ndi madzi oyera, phimbani ndi kansalu kochapa bwino. Mawa m'mawa apite asanadye kanthu, akayezetse shuga, ndipo mukanene zonse zitatu: mawondo, masingano a m'botolo, ndi kusamva kutenthako. Tengani buku lawo lakuchipatala.

Mayi a Tadala: Mbuzi ija ikhale kaye. Kabaza, uli ndi mnzako wa njinga yamoto kuno ku Ngabu woyendetsa mofatsa? Amayi sakhala bwino pa mabampu.

Kabaza wa pa Dyeratu: Alipo mlamu wanga, ndamutumizira kale uthenga. Afika 6 koloko, muwaikire pilo pampando.